Masabata atatu a “trial” osalandira ngakhale tambala

NaBanda, wa ku Area 25 — Lachiwiri, 6:14 m'mawa

Moni nonse a pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga zimene anzanga mumalemba kwa miyezi isanu osayankhapo kanthu, koma lero ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo ndikupempha amene munayamba kale ntchito ya virtual assistant (VA), yothandiza anthu ntchito za mu ofesi kudzera pa intaneti, kuti mundiunikire.

Mwezi watha mayi wina wogulitsa nyumba ku Texas anandipeza pa LinkedIn n'kundiuza kuti akufuna munthu womusamalira maimelo, kalendala ndi tsamba lake la Facebook, maola 20 pa sabata, pa mtengo wa madola 5 pa ola. Tinaonana pa Zoom, tinacheza bwino kwambiri, ndipo pomaliza anati ayambe wandiyesa kwa sabata imodzi kuti aone ngati tingamvane, kenako tisainirane mgwirizano. Za malipiro a sabata yoyesedwayo sanatchule, ndipo ine ndinachita manyazi kufunsa poopa kuti angaone ngati ndatsogoza ndalama.

Sabata imeneyo ndinamusanjira maimelo opitirira 2,000 amene anali atangounjikana kuyambira chaka chatha, ndinamulembera mayina, manambala ndi maadiresi a anthu 400 ofuna nyumba pa Google Sheets, komanso ndinamukonzera zithunzi 12 pa Canva. Sabata itatha anati ntchito yanga waikonda, koma mnzake amene amachita naye bizinesi ali pa ulendo, choncho tipitirize kaye mpaka abwere kudzavomereza. Sabata yachitatu anati loya wake akumalizitsa mgwirizano. Onse pamodzi ndagwira maola 58, ambiri mwa iwo a usiku, chifukwa ikamakwana 2 koloko masana kwawoko kuno imakhala ili 9 koloko usiku. Kawiri konse magetsi atazima ndinakwera minibasi kupita kwa mlamu wanga ku Area 49, laputopu ili m'chikwama, n'kukagona komweko kuti ndisaphonye msonkhano wake. Mabandulo okha andidyera K46,000 imene ndinabwereka ku banki m'khonde.

Lachisanu ndinalimba mtima n'kumufunsa za malipiro. Anandiyankha ndi mizere iwiri yokha, kuti iye ankaganiza kuti tinamvana kuti nthawi yoyesedwa si yolipidwa, ndiponso kuti wasankha kutenga munthu wina. Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti dzulo lomweli waika chimodzi mwa zithunzi zanga pa Facebook, ndipo mawu achinsinsi a imelo yake sanasinthe mpaka pano. Kodi ilipo njira yopezera ndalama zanga, kapena ndingoiwala?

Chisomo, wa ku Kawale — Lachiwiri, 6:40 m'mawa

Pepani kwambiri achemwali, nkhani yanuyi yandiwawa ngati yachitikira ine. Popeza mwanena kuti mawu achinsinsi sanasinthe, ine ndikanakhala inu ndikanalowa mu imeloyo lero lomwe, n'kubwezera maimelo onse m'chipwirikiti chimene ndinawapezamo, n'kufufuta mndandanda wa anthu 400 aja, kenako n'kusintha mawu achinsinsiwo kuti achite kudzandigwadira. Munthu wotere samva zomunyengerera, amamva pokhapokha bizinesi yake itaima.

Mayi Nkhoma, a ku Area 47 — Lachiwiri, 7:25 m'mawa

A Chisomo, mkwiyo wanu ndikuumvetsa, koma ndikupempha a NaBanda kuti asayerekeze n'komwe kuchita zimenezo. Ndinagwira ukalaliki mu ofesi ya maloya kwa zaka 9 ndisanayambe ntchito ya pa intaneti, ndipo ndaonapo anthu olakwiridwa akusanduka oimbidwa mlandu chifukwa chobwezera. Chilolezo cholowa mu imelo ya munthu chimatha nthawi imene mwiniwake wanena kuti ntchito yatha, kaya mawu achinsinsi asinthidwa kapena ayi. Lamulo lathu la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 likunena kuti kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo, komanso kufufuta kapena kusokoneza zimene zili m'menemo, ndi mlandu, ndipo ku America nakonso malamulo otero alipo. Lero a NaBanda ndiwo odandaula. Akangofufuta imelo imodzi, wodandaula akhala mayiyo, ndipo ngongole ya madola 290 palibe adzaikumbukenso.

Za kukhoti ndinene mosabisa. Employment Act ya 2000 imateteza munthu wolembedwa ntchito, amene nkhani yake imayambira ku ofesi ya zantchito kenako n'kupita ku Industrial Relations Court. Ambiri a ife sitinalembedwe ntchito ndi aliyense, timagulitsa luso lathu ngati kalipentala amene wakhoma mpando, choncho nkhani yathu ndi ya mgwirizano ndi ngongole basi. Kasitomala akakhala wa konkuno mukhoza kukamusumira kwa majisitireti, koma samani yochokera ku khoti la mu Lilongwe singamudzutse munthu wa ku Texas, ndipo ndalama zokamusumira kwawo zingapose ngongoleyo kutalitali.

Chimene muli nacho, a NaBanda, ndi umboni. Lero lomwe jambulani uthenga uliwonse umene munalemberana pa LinkedIn, pa WhatsApp ndi pa imelo yanu, sungani makalata oitanira misonkhano ya pa Zoom, ndipo mu akaunti yakeyo musalowenso. Ndili ndi funso limodzi limene likhoza kusintha zambiri: mndandanda wa pa Google Sheets uja munautsegula pa akaunti yanu kapena pa yake?

Bambo Mbewe, oyang'anira gulu, a ku Area 18 — Lachiwiri, 8:50 m'mawa

A NaBanda, zikomo polimba mtima kulemba, chifukwa ambiri pagulu pano zinawachitikirapo koma amangofera nazo mumtima. Ine ndinayamba ntchito imeneyi pa tsamba lopezerapo ntchito la oDesk, lisanasinthe dzina kukhala Upwork mu 2015, ndipo kasitomala wanga wachiwiri anandigwiritsa ntchito mwezi wathunthu n'kuzimiririka ngati mmene wachitira wanuyu.

Nzeru imene inanditsegula maso sindinaipeze pa intaneti, ndinaikumbuka kwathu ku Mitundu. Munthu wa ganyu akafika pamunda satsitsa khasu paphewa asanayende ndi mwini munda kupima ndime, kuwerenga mizere, ndi kumvana ngati malipiro ake ndi ndalama, ufa kapena madeya. Ngakhale atagona ndi njala masiku awiri, amayamba wamva mtengo. Ndipo palibe mwini munda amene anganene kuti munthu apalire kaye theka la ekala kuti aone ngati amatha kupalira, chifukwa mudzi wonse ungamuseke: udzu ukachoka m'munda phindu latsala kwa mwini munda, kaya wopalirayo aitanidwanso mawa kapena ayi. Ife opita kusukulu ndife amene timayamba ntchito tisanapime ndime, chifukwa chokomedwa ndi Chingerezi cha pa Zoom ndi mawu akuti dola.

Muyeso wanga ndi umodzi wokha. Ngati chimene ndapanga pa nthawi yoyesedwa kasitomala angachigwiritse ntchito mawa pa bizinesi yake, imeneyo ndi ntchito ndipo iyenera kulipidwa. Kuyesa kwenikweni ndi kumene munthu amakupatsani imelo yongopeka kuti aone mmene mungaiyankhire, kapena kalendala yabodza ya misonkhano isanu yowombana kuti muilongosole, ntchito ya theka la ola imene ikatha palibe amene wapindula nayo. Anthu 400 a a NaBanda ndi enieni, manambala awo ndi enieni, ndipo mmodzi yekha akagula nyumba mayiyo alandira komishoni imene ife tingaidye miyezi ingapo.

Masamba a ntchitowa timawadandaula chifukwa cha ndalama zimene amadula, koma ali ndi chitetezo chimene LinkedIn ndi WhatsApp alibe. Pa Upwork, ntchito ya mtengo wokhazikika kasitomala amayamba wasungitsa ndalama kwa eni tsambalo, ndipo mukapereka ntchito iye n'kungokhala chete masiku 14, ndalamazo zimabwera kwa inu. Ntchito ya pa ola ili ndi pulogalamu yowerenga nthawi imene imajambula sikirini yanu kamodzi pa mphindi 10 zilizonse, ndipo malamulo awo amaletsa kasitomala kupempha ntchito yaulere. Pa Fiverr wogula amalipira ntchito isanayambe, ngakhale kuti eni ake amatengapo madola 20 pa 100 aliwonse. Kudula kumeneko kumawawa ndithu, n'chifukwa chake timasangalala kasitomala akati tituluke tikamvane patokha, osazindikira kuti kunjako tilibe mboni.

A Kamanga, a ku Gulliver — Lachiwiri, 12:05 masana

Bambo Mbewe, ndikukulemekezani monga mkulu wathu pa ntchito imeneyi, koma mundilole nditsutsepo pang'ono, chifukwa mukuyankhula ngati munthu amene ali kale ndi mbiri ya zaka zambiri ndi makasitomala omuchitira umboni. Wachinyamata amene wangomaliza maphunziro a VA mwezi watha akupikisana ndi anthu a ku Philippines, Kenya ndi Nigeria amene ali ndi nyenyezi mazanamazana pa dzina lawo. Pa Upwork ngakhale kufunsira ntchito kumafuna timatikiti totchedwa ma Connects timene timagulidwa ndi madola. Munthu wotereyu akanena kuti sakhudza kiyibodi asanaone ndalama, kasitomala amangopita kwa wotsatira pa mzere.

Ine kasitomala wanga woyamba, bambo wa ku Manchester, ndinamugwirira masiku anayi kwaulere mwa kufuna kwanga, ndipo chino n'chaka chachitatu tikugwira limodzi osaphonya malipiro ngakhale mwezi umodzi. Ndiwonjezerenso kuti panopa nanenso ndimalemba anthu aganyu ntchito ikandichulukira, ndipo ndinapsapo. Mnyamata wina ndinamupatsa theka la ndalama poyamba, anazima foni masiku asanu, pobwera anati magetsi anavuta, pamene kasitomala wanga anali atandikalipira kale. Amene amapempha kuyesa munthu si onse akuba, ena anangolumidwapo.

Tadala, wa ku Chinsapo — Lachiwiri, 1:30 masana

Ndapempha kulowererapo chifukwa tikukamba ngati vutoli limachokera kunja kokha, pamene ine amene anandidyera masuku pamutu ndi a konkuno, ndipo timapemphera mpingo umodzi. Ndi bambo amene ali ndi kampani yaing'ono yolemba mapepala ofunsira makontirakiti, ndipo anandiuza kuti ndiziwathandiza kutaipa ndi kuyankha maimelo ndili kunyumba, malipiro tidzakambirana “zinthu zikayenda”. Ndinagwira miyezi iwiri. Ndikafunsa, amati, “Mwana wanga, deka, boma silinatilipire,” kenako n'kunditumizira K5,000 ya bandulo pa Airtel Money ngati andichitira chifundo chachikulu, chonsecho bandulo imeneyo ndi yogwirira ntchito yawo yomwe.

Chimene chinandilemera kwambiri si kutaipako ayi, koma tintchito timene tinkabwera pambali. Tinamvana za maimelo, koma posakhalitsa kunabwera uthenga wa 10 koloko usiku wakuti ndiwakonzere chikalata choitanira anthu ku chinkhoswe cha mphwawo, mawa lake ndiwasakire mitengo ya matayala, tsiku lina ndithandize mwana wawo kulemba CV. Chilichonse chimayamba ndi mawu akuti “kanthu kakang'ono”. Mzungu wa ku Texas mukhoza kumulembera kalata youma osachita mantha, koma munthu amene amakutchulani mwana wake, amene amayi anu amamupatsa moni Lamulungu lililonse, mumayamba bwanji kumutumizira invoyisi? Ine ndinangosiya kuyankha mauthenga awo, ndipo mpaka lero amauza anthu kuti ana a masiku ano safuna ntchito.

A Phiri, a ku Biwi — Lachiwiri, 3:15 masana

Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndipo ntchito ya pa intaneti ndinaiyamba mochedwa, ndimangolemba pa kompyuta zimene anthu ajambula pa mawu. Powerenga a Tadala ndakumbuka mawu akuti thangata. Poyamba anali mawu abwino, otanthauza kuthandizana pakati pa abale ndi anansi, lero munda wanga mawa munda wako. Atsamunda atatenga malo ku Shire Highlands anawasandutsa dzina la ntchito yopanda malipiro imene anthu okhala pa maesiteti ankagwira m'malo mwa lendi, ndipo nkhanza zake ndi zina mwa zimene zinaputa kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Sindikunena kuti masabata atatu a pa laputopu akufanana ndi zimene makolo aja anaona. Ndikungoona kuti ntchito yaulere siibwera ndi dzina lake lenileni, imabwereka dzina laulemu: kale linali kuthangata, lero ndi “trial”, kapena “ndithandizeko mwana wanga”, kapena kuti tikukupatsa mwayi wophunzira.

A Kamanga, mwanena bwino kuti munagwira masiku anayi mwa kufuna kwanu. Pamenepo ndiye pagona kusiyana. Inu munadziwa kuti ndi anayi, munadziwa kuti ndi aulere, ndipo munadziwa tsiku lothera. A NaBanda anauzidwa sabata imodzi, inasanduka itatu, ndipo mawu akuti yaulere anawamva ntchito itatha. Zikundikumbutsa matenanti a fodya ku Kasungu ndi Mchinji, amene ankalima chaka chonse mtengo osaudziwa, n'kudzauzidwa pa mapeto kuti chimanga ndi feteleza zimene anakongola zadya phindu lonse. Mchitidwe umenewo unaletsedwa ndi lamulo mu 2021. Mtengo wotchulidwa ntchito itatha amautchula ndi mmodzi yekha.

Bambo Mbewe — Lachiwiri, 5:40 madzulo

A Kamanga, mfundo yanu ya oyamba kumene ndaimva ndipo ndi yoona, sindikufuna kuoneka ngati ndaiwala kumene ndinachokera. Koma munthu wopanda mbiri ali ndi njira zoonetsera luso lake popanda kupereka maola 58. Akhoza kudzipangira kampani yongopeka, n'kuikonzera kalendala, mndandanda wa makasitomala ndi zithunzi zisanu, n'kumaonetsa zimenezo. Akhoza kuthandiza sukulu ya m'dera lake kapena sitolo ya azakhali ake kwa sabata imodzi yodziwika, posinthana ndi kalata ya umboni. Ndipo kasitomala amene analumidwapo ngati inuyo akhoza kuyesa munthu ndi maola awiri olipidwa. Pa madola 5 pa ola ndi madola 10 okha, ndipo amene akukana kutaya madola 10 kuti apeze womusungira makiyi a bizinesi yake wakuuzani kale kuti mwezi ukatha zidzakhala bwanji.

Pali chinyengo china chimene oyamba kumene sachiona chifukwa aliyense amakhala yekha pa kompyuta yake. Kasitomala amalengeza ntchito, amasankha anthu 10, aliyense n'kumupatsa “mayeso” osiyana ndi a mnzake: uyu asake makampani oyamba ndi A mpaka C, uyo D mpaka F, mpaka afabeti yonse itatha. Pomaliza onse amalandira uthenga wowathokoza ndi kuwapepesa kuti sanapambane, pamene iye waphatikiza zidutswazo n'kukhala ndi ntchito yathunthu osalipira aliyense. Chaka chatha anthu awiri a pagulu lino anazindikira zimenezi atangofanizira mwangozi mayeso amene anapatsidwa ndi munthu mmodzi.

NaBanda — Lachiwiri, 8:20 usiku

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri ndipo mtima watsikako. A Chisomo, ndivomere kuti maganizo anuwo anandifikira Loweruka usiku, ndinafika potsegula tsamba lolowera n'kulitsekanso. Mayi Nkhoma, mndandanda uja ndinautsegula pa akaunti yanga ya Google n'kumupatsa mayiyo chilolezo choona ndi kusintha, ndipo zithunzi nazonso zili pa Canva yanga, kupatula zinayi zimene ndinamutumizira kale. Pofufuza mauthenga monga munandiuzira ndapezanso wa pa WhatsApp wa tsiku loyamba la sabata yachiwiri, pamene ndinamufunsa ngati ndiziwerengera maola, iye n'kuyankha kuti inde ndiziwalemba, tidzawerengera limodzi. Sabata yoyamba ndinagwira maola 18, ziwiri zotsatirazo maola 40. Tsopano kalatayo ndiilembe bwanji, ndipo akavomera ndilandire kudzera pati, popeza iye anatchulapo PayPal?

Mayi Nkhoma — Lachiwiri, 9:45 usiku

Uthenga umenewo ndi wamtengo wapatali, a NaBanda, chifukwa munthu sauza mnzake kuti azilemba maola a ntchito yaulere. Lamulo la 2016 lomwe lija limazindikira uthenga wa pa foni kapena pa kompyuta ngati umboni, ndipo mgwirizano sufunika kukhala pa pepala la sitampu kuti ukhale mgwirizano.

Fayilo imene ili pa akaunti yanu ndi nkhani ina kusiyana ndi imelo yake. Musaifufute, koma mukhoza kuchotsa chilolezo chimene munamupatsa mpaka atalipira, monga telala amene amasunga diresi mpaka mwiniwake atamaliza ndalama. Mwina anakopera kale, koma ambiri sakopera chifukwa amaganiza kuti chimene chikutseguka lero chidzatsegukanso mawa.

Kalatayo ikhale yaifupi ndi yopanda mkwiyo, ngakhale mawu amodzi onyoza asapezekemo. Ikani invoyisi yokhala ndi dzina lanu, nambala yake, tsiku lililonse ndi maola ake, ntchito imene munagwira tsikulo, mtengo wa pa ola, ndi chiwerengero chonse cha madola 290. Phatikizanipo chithunzi cha uthenga wake uja, mupereke masiku 7, ndipo munene momveka kuti fayilo idzatsegulidwa ndalama zikafika. Mumuuzenso kuti asinthe mawu achinsinsi a imelo yake popeza inu simulowamonso; zimenezo zimakutetezani ngati china chake chitasowa m'menemo mawa. Ku Texas wogulitsa nyumba amagwira ntchito pansi pa broker, womuyang'anira amene ali ndi laisensi, ndipo dzina lake limapezeka pa zotsatsa zawo, choncho masiku 7 akatha opanda yankho, kalata yachiwiri mukhoza kuitumiza kwa onse awiri. Ndipo musadzione ngati wopusa: mzinda wa New York unachita kukhazikitsa lamulo la Freelance Isn't Free Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2017, lokakamiza mgwirizano wolembedwa pa ntchito ya madola 800 kapena kuposerapo, chifukwa anthu akwawo komweko ankaberedwa chimodzimodzi.

Bambo Mbewe — Lachitatu, 6:30 m'mawa

Pa za kalandiridwe, musadalire PayPal yokha, chifukwa makasitomala ena amabisala kumbuyo kwake n'kumati akufuna kulipira koma njira palibe. Njira zilipo. Mupatseni ziwiri m'kalata yomweyo kuti asapeze pothawira: WorldRemit kapena Western Union, zimene munthu amatumiza ndi khadi lake la ku banki m'mphindi zochepa. Musabwereke akaunti ya m'bale wa ku Johannesburg, chifukwa mukatero umboni wa malipiro ukhala m'dzina la wina, ndipo mwawonjezera munthu wachiwiri woti muzimukumbutsa ngongole. Ndalamayi musaichepetse pomva kuti ndi madola 290 okha. Chigwetsereni kwacha ndi 44 pa 100 mu November 2023, dola ku banki yakhala ikusinthidwa pa ndalama zoposa K1,700, kutanthauza kuti tikukamba za pafupifupi theka la miliyoni.

Chisomo — Lachitatu, 7:10 m'mawa

Ndamva, Mayi Nkhoma, ndipo mawu anga a dzulo ndawabweza. Komabe ndikupempha oyang'anira gulu kuti tikhale ndi mndandanda wa makasitomala osalipira, chifukwa mayi ameneyu panopa ali ndi munthu wina amene akumuyesa, ndipo mwina ndi mmodzi wa ife.

Bambo Mbewe — Lachitatu, 7:55 m'mawa

Ganizo limenelo ndi labwino, a Chisomo, koma mayina asaikidwe poyera pano, chifukwa kutchula munthu kuti ndi wakuba popanda umboni wokwanira kungatibweretsere mlandu woipitsa mbiri, makamaka akakhala wa mu Lilongwe momwemu. Amene wachitiridwa zotere atumize mauthenga ndi invoyisi kwa ine kapena kwa Mayi Nkhoma, ndipo amene wapeza kasitomala watsopano atifunse kumbali ngati dzinalo tinalimvapo. A Tadala, inunso lembani maola anu a miyezi iwiri ija, muwapititse kwa bambowo pamodzi ndi munthu wamkulu amene onse awiri mumamulemekeza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo pepala lolembedwa bwino silichita mwano.

NaBanda — Lachisanu, 10:35 usiku

Ndabwera ndi zotsatira. Kalata ndinaitumiza Lachitatu m'mawa n'kutseka fayilo, ndipo masiku awiri kunali zii. Usiku uno wayankha, ndipo chiganizo chake choyamba ndi chofunsa chifukwa chimene mndandanda sukutsegukira, kusonyeza kuti kalatayo anali asanaiwerenge n'komwe mpaka pamene anafuna manambala aja. Akuti wakhumudwa ndi khalidwe langa, sabata yoyamba salipira chifukwa inali yoyesa, koma maola 40 enawo alipira madola 200 ngati nditsegule fayilo kaye. Ndivomere?

A Kamanga — Lachisanu, 10:50 usiku

Landirani achemwali, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Madola 90 otsalawo mukawalimbira kwambiri mukhoza kutaya onse.

Mayi Nkhoma — Lachisanu, 11:20 usiku

Ndikugwirizana ndi a Kamanga pa kulandira, koma osati pa dongosolo limene mayiyo akufuna. Ndalama iyambe yafika, fayilo itsegulidwe pambuyo, chifukwa mwamukhulupirira kale katatu. Poyankha lembani kuti mukulandira madola 200 ngati malipiro a sabata yachiwiri ndi yachitatu, ndipo maola 18 a sabata yoyamba akadali pa invoyisi. Mwina sadzawalipira, koma musalembe ndi dzanja lanu kuti anali aulere. Muonenso kuti mndandanda wa anthu 400 munaupanga m'sabata yoyamba yomwe akuikanayo, ndipo ndi umene wamudzutsa; mfundo imeneyo muitchule m'chiganizo chimodzi, mosakalipa.

NaBanda — Lolemba, 4:05 madzulo

Madola 200 afika lero masana pa Airtel Money kudzera pa WorldRemit, ndipo fayilo ndatsegula nditangoona uthenga wa ndalama. Za maola 18 sanayankhepo chilichonse, ndipo pa LinkedIn wanditsekera. Ndabweza K46,000 ya ku banki m'khonde pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, ndipo dzina lake ndatumiza kwa Bambo Mbewe ndi mauthenga onse.

Loweruka bambo wina wa ku Leeds amene ali ndi kampani yoyeretsa m'maofesi anandilembera kuti akufuna VA, ndipo anapempha masiku atatu oyesa. Ndamuyankha kuti ndikhoza kumugwirira maola awiri pa madola 6 pa ola, olipidwa ndisanayambe, ndipo ndamutumizira zithunzi zisanu ndi zitatu za pa Canva zimene mayi uja sanazitenge kuti aone ntchito yanga. Uthengawo wauwerenga dzulo 8 koloko usiku, koma mpaka pano sanayankhe.